Amayi ndi mabanja amene ali kuchilendo: mafunso ndi mayankho pa ntchito yosintha malamulo

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera tikamakambirana za amayi a ku Malawi amene ali ku Joni, ku mayiko a Aluya ndi ku Mangalande, komanso za amayi a mayiko ena amene ali kwathu kuno. Ena amafunsa atakwiya. Ena amafunsa chifukwa mchemwali wawo watha miyezi itatu osayankha foni. Ndayankha monga ndikuonera, ndipo pamene ndili ndi mbali sindinabise.

Kodi ntchito imeneyi ndi yotani kwenikweni? Si kungothandiza anthu ovutika?

Ayi, ngakhale ziwirizi zimayendera limodzi. Mayi akatsekeredwa m'nyumba ya bwana wake ku Muscat, likulu la dziko la Oman, pasipoti atamulanda, chimene akufuna tsiku limenelo ndi munthu womutulutsa ndi tikiti ya ndege. Imeneyo ndi ntchito yopulumutsa, ndipo amene amaigwira ndimawalemekeza kwambiri. Koma tsiku lomwe mayiyo akutsika pa bwalo la ndege la Kamuzu, wina amakhala akukwera, atanamizidwa ndi ejenti yemweyo, ndi mawu omwewo. Ntchito ya malamulo ndi ndondomeko imayambira pamenepo. Imafunsa kuti ejentiyu anamuloleza ndani, kontirakiti anaiona ndani mayiyu asananyamuke, ndipo atayimba foni kudandaula, foniyo inalira pa desiki ya yani, ndipo munthuyo anali ndi ndalama yochitira kanthu kapena ayi.

Mayankho a mafunso amenewa amapezeka m'malamulo, m'bajeti ndi m'mapangano a maboma. Choncho ntchito yake ndi kusonkhanitsa umboni, kulembera makomiti a Nyumba ya Malamulo, kukhala pansi ndi akuluakulu a m'maunduna, kupita kukhoti pamene kukambirana kwakanika, ndipo chigamulo chikatuluka, kuchilondola mpaka chikafike pakhomo la chipatala. Gawo lomalizali ndi limene ambiri amatopera panjira.

N'chifukwa chiyani mukusankha amayi? Abambo savutika kunjako?

Amavutika, palibe akukana. Kungoti kaganizidwe kathu konse ka ulendo wokagwira ntchito kunja kanaumbidwa poyang'ana mwamuna. Agogo athu ankapita ndi Wenela, kenako Theba, kukakumba golide. Ankalembedwa ndi kampani imodzi, kugona m'makomponi, gawo lina la malipiro n'kudzalandirira kumudzi. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi opitirira 70, Kamuzu anaimitsa kulembako nthawi yomweyo, chifukwa khomo linali limodzi. Mkazi m'nkhani imeneyo anali wotsala, wodikira kalata, wolira matchona.

Lero mabasi odutsa pa Mwanza ndi pa Dedza, kulowera ku Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, amanyamula amayi ambirimbiri a ku Mangochi, Machinga, Mzimba ndi Nkhata Bay. Alibe kampani yowalemba. Ambiri amakagwira ntchito kuseri kwa mpanda wa munthu, kumene woyendera ntchito wa boma salowa wamba, kumene bwana ndi yemweyonso mwini wa chipinda chogona ndi makiyi a geti. Ndiye pali zina zimene zimagwera mkazi yekha kapena kumugwera kowirikiza: kutenga pakati ali kuchilendo, kuchira opanda mapepala, kulembetsa mwana, kugwiriridwa panjira ndi womuwolotsa, kukhala ndi chitupa chomangiriridwa pa dzina la mwamuna amene akumumenya. Lamulo likakhala chete pa zimenezi, limakhala lasiya theka la apaulendo panja.

Za amayi athu ku Oman zinatheka bwanji?

Zinayamba ndi malonjezo. Maejenti, ena mwa iwo Amalawi anzathu, ankalonjeza ntchito yabwino ndi malipiro okwera, ndipo amayi ena ankauzidwa kuti akupita ku Dubai. Atafika anadzipeza ali ku Oman, m'nyumba za anthu, akugwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka pakati pa usiku, ena akumenyedwa, ena akugwiriridwa. Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America, ataona kudandaula kwa mmodzi mwa iwo pa Facebook, anatsegula gulu la pa WhatsApp, ndipo amayi opitirira 50 analowamo. Bungwe la Do Bold, lomwe limathandiza ogwira ntchito zapakhomo ku mayiko a Aluya, linalowererapo kukambirana ndi mabwana. BBC Africa Eye itaulutsa nkhaniyi mu Malichi 2024, boma la Malawi linati linawononga ndalama zopitirira madola 160,000 a ku America kubweza amayi 54.

Ndalamayi tiyiyang'anitsitse. Sinali ya matikiti okha. Bwana amakhala atalipira ejenti kuti amupezere wantchito, ndipo mayi akafuna kuchoka, bwanayo amati andibwezere kaye ndalama yanga. Ndiye kuti ndalama ya misonkho ya Amalawi inagwira nawo ntchito yowombola nzika zake m'manja mwa anthu amene amazizunza. Kunali koyenera kulipira, chifukwa miyoyo inali pachiswe. Koma palibe dziko limene lingapitirire kuwombola ana ake mmodzimmodzi khomo lomwe anatulukira lili chitsegukire.

Kafala n'chiyani?

Ndi dongosolo la m'mayiko ambiri a Aluya limene limamangirira chilolezo cha wantchito wobwera pa bwana amene wamulemba. Akachoka panyumbapo bwana asanalole, amatha kunenezedwa kuti wathawa, n'kumangidwa ngati wolakwa ndi iyeyo. Ku Oman, lamulo lalikulu la ntchito, ngakhale lomwe linatuluka mu 2023, linasiya panja ogwira ntchito zapakhomo. Mayiko ena a kumeneko asinthako mbali zina za dongosololi, koma antchito apakhomo ndi amene amafikiridwa mochedwa.

Bwanji boma osangoletsa amayi kupita ku mayiko amenewa?

Funso ili ndi limene ndimalimva kwambiri, ndipo ndimalimvetsa. Koma sindigwirizana nalo. Ethiopia inaletsa nzika zake kupita kukagwira ntchito zapakhomo ku mayiko a Aluya mu 2013, n'kuchotsa chiletsocho mu 2018. Pa zaka zimenezo anthu sanasiye kupita. Ankangodzera m'mayiko oyandikana nawo ndi m'manja mwa ozembetsa, osalembedwa paliponse, moti akavutika panalibe wodziwa kuti ali kuti. Mayi amene akusowa fizi ya ana ndi ndalama ya feteleza simungamuletse ndi chikalata. Mungomukankhira kunjira ya mdima, n'kumusandutsanso wophwanya lamulo amene adzaopa kudandaula.

Chiletso chimagwira ntchito ngati chili chida chokambirana, osati mathero. Mu 2018, thupi la Joanna Demafelis, wantchito wapakhomo wa ku Philippines, litapezeka mufiriji m'nyumba ina ku Kuwait, boma la Philippines linaimitsa kutumiza antchito kumeneko, ndipo pofika Meyi chaka chomwecho mayiko awiriwa anasainirana pangano lonena kuti wantchito azisunga yekha pasipoti ndi foni yake. Nkhanza sizinatheretu, koma panali poyambira podandaula. Philippines inatha kutero chifukwa ili ndi maofesi oona za antchito ake m'mayikomo, ndi kaundula wa amene anapita. Ife tiyambire pamenepo.

Ndiye mukufuna boma la Malawi lichite chiyani?

Choyamba ndi maejenti. Aliyense wolemba anthu ntchito zakunja akhale ndi chiphaso, asungitse ndalama yachikole imene ingabwezere munthu kumudzi zinthu zikavuta, ndipo mndandanda wa ovomerezeka ukhale poyera, uzilengezedwa pa wayilesi ndi kumatidwa ku maofesi a ntchito m'maboma. Mfundo ya ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, ndi yakuti wofuna ntchito asamalipire ndalama yolembedwera, azilipira ndi wolemba ntchito. Ngongole ya ejenti ndi chingwe chimene chimamanga amayi ambiri, ena atapinyolitsa munda.

Kenako mapangano a ntchito ndi mayiko ena asamakhale a m'thumba. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka kupita kuminda ya ku Israel nkhondo ya ku Gaza ili mkati, ndipo Amalawi ambiri anamva za ulendowu ndege itatsala pang'ono kunyamuka. Pangano la maboma awiriwa linasainidwa pambuyo pake, mu 2024. Zimenezi zinayenda chafutambuyo. Pangano lizidutsa m'Nyumba ya Malamulo, mabungwe a antchito ndi a amayi aziliona, ndipo lizinena momveka za malipiro, tsiku lopuma, pasipoti, chithandizo cha kuchipatala ndi amene adzalipire ulendo wobwerera, kuphatikizapo wa maliro.

Maofesi a akazembe athu, ku Pretoria, Johannesburg, Kuwait ndi kwina, akhale ndi munthu woona za antchito, foni yoyankhidwa, ndi kathumba ka zadzidzidzi kolembedwa m'bajeti. Pasipoti izipezeka pa mtengo ndi nthawi zimene mayi wa kumudzi angakwanitse, chifukwa pasipoti ikavuta, adobadoba ndi owolotsa anthu ndi amene amalemera. Ndipo mtengo wotumizira ndalama utsike. Mayiko anagwirizana ku United Nations kuti pofika 2030 mtengowu usapitirire 3 pa 100 iliyonse, koma njira ya ku Joni kudza ku Malawi yakhala kwa zaka zambiri ili m'gulu la zodula kwambiri.

Lamulo loletsa kuzembetsa anthu lilipo kale. Likusowanso chiyani?

Lilipo, ndipo ndi labwino. Trafficking in Persons Act ya 2015 imapereka chilango cha zaka zofika 14 kwa wozembetsa munthu wamkulu, 21 ngati ali mwana, ndi moyo wonse m'ndende pa milandu yoipitsitsa. Inakhazikitsanso thumba lapadera lothandizira ntchitoyi. Vuto lili pakati pa pepala ndi munthu. Nyumba zosungirako opulumutsidwa n'zochepa, milandu imachedwa, ndipo mayi amene wabwera chimanjamanja, ali ndi ngongole ndi manyazi, amafunika kukwera basi kangapo kupita kukhoti kukaperekera umboni wotsutsa munthu amene mwina amapemphera naye mpingo umodzi. Akatopa, mlandu umafa. Choncho gawo lalikulu la ntchito pano si kulemba lamulo lina, koma kufunsa chaka ndi chaka kuti m'thumbamo munalowa zingati, zinagwira ntchito yanji, ndi maejenti angati amene anaimapo pakhoti. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo mafunso otere ndi amene linapangidwira.

Mchemwali wanga ali ku Joni, masiku ake anatha kalekale. Ali ndi ufulu uliwonse?

Ali nawo, ndipo wambiri kuposa momwe iye ndi bwana wake akuganizira. Mmalawi amapatsidwa masiku 30 polowa mu South Africa, ndipo akapitirira, lamulo la zolowa ndi kutuluka limamuona ngati wolakwa. Atha kugwidwa, kutumizidwa ku Lindela, malo osungirako odikira kubwezedwa kwawo kufupi ndi Krugersdorp, ndi kuletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Zimenezo n'zoona. Koma kusowa mapepala sikufufuta ufulu wina wonse.

Pa ntchito, khoti la za ntchito linagamula mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health ndi CCMA (bungwe loweruza mikangano ya antchito ndi mabwana awo), kuti munthu wobwera amene alibe chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo, ndipo atha kukadandaula ku CCMA akachotsedwa mopanda chilungamo. Kuyambira pa 1 Malichi 2022 ogwira ntchito zapakhomo amayenera kulandira malipiro ochepetsetsa ofanana ndi antchito ena onse. Nthawi imeneyo anali R23.19 pa ola, ndipo mu Malichi 2025 anafika pa R28.79.

Pa chipatala, mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg, pa mlandu umene linabweretsa bungwe la Section27, linatsimikiza kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi ayenera kuthandizidwa ulere m'zipatala za boma, posayang'ana dziko lawo kapena mapepala. Opatulidwa ndi amene ali ndi inshuwalansi ya chipatala ndi amene analowa m'dzikomo n'cholinga chokalandira chithandizo basi. Pa sukulu, mu Disembala 2019 khoti la ku Makhanda, pa mlandu wa ana 37 umene unatsogozedwa ndi Centre for Child Law, linagamula kuti mwana asabwezedwe kusukulu chifukwa chosowa chiphaso chobadwira kapena chilolezo chokhalira m'dzikomo. Ndipo wogwidwa kuti abwezedwe kwawo ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, malinga ndi chigamulo cha khoti la malamulo aakulu cha 2017 pa mlandu wa Lawyers for Human Rights.

Onani kuti chilichonse mwa izi chili ndi dzina la bungwe kumbuyo kwake. Palibe chimene chinangogwa kumwamba.

Kodi munthu wamba angasinthedi lamulo? Mungatipatse chitsanzo?

Nkhani imene ndimaikonda kufotokoza ndi ya Maria Mahlangu. Mayiyu anali nzika ya South Africa, wogwira ntchito zapakhomo ku banja limodzi ku Pretoria kwa zaka 22. Mu Malichi 2012 anagwera m'dziwe losambira la mabwana ake ali pantchito, n'kumira. Mwana wake Sylvia, amene ankadalira malipiro a mayi ake, atapita kukafunsa chipukutamisozi, anauzidwa kuti lamulo la COIDA, lolipira ovulala ndi omwalira pantchito, silikhudza antchito apakhomo. Wogwira ntchito m'fakitale, m'sitolo, m'munda, onse analimo. Wochapa ndi wolera ana munalibe.

Pinky Mashiane, yemwenso anagwirapo ntchito zapakhomo n'kukhala womenyera ufulu wa anzake, anaona nkhaniyi m'nyuzipepala n'kulondola banjali. Bungwe la antchito apakhomo la SADSAWU linalowa nawo pa mlandu, maloya a SERI anautenga, ndipo pa 19 Novembala 2020 khoti la malamulo aakulu linagamula kuti kusiya panja antchito apakhomo n'kosemphana ndi malamulo a dzikolo. Linatinso chigamulochi chibwerere m'mbuyo mpaka pa 27 Epulo 1994. Zinatenga zaka zisanu ndi zitatu. Lero mayi wa ku Namwera amene wathyoka mwendo akutsuka mawindo ku Sandton akuima pa chigamulo chimene anachimenyera mwana wamasiye wa mayi amene sanamuonepo. Ngakhale zili choncho, olemba ntchito ambiri sanalembetsebe antchito awo, ndipo wopanda mapepala amavutika kwambiri kutsata ndalama yake, ndiye nkhondo yake sinathe.

Ngati makhoti anagamula kale, bwanji amayi akubwezedwabe pachipatala?

Chifukwa chigamulo sichiyenda chokha. Kalaliki wa pa windo sanachiwerenge, mayi woyembekezera sakudziwa kuti chilipo, ndipo akadziwa amaopa kukangana kuopa kuitaniridwa apolisi. Mu 2025 magulu odana ndi obwera monga Operation Dudula ankaima pa mageti a zipatala za ku Gauteng kufunsa ziphaso ndi kubweza obwera, kuphatikizapo amayi opita kusikelo ndi ofuna mankhwala a ma ARV. Mabungwe, motsogozedwa ndi Kopanang Africa Against Xenophobia, anapita kukhoti, ndipo mu Novembala 2025 khoti lalikulu la ku Johannesburg linaletsa gululo kutero, n'kunena kuti ofunsa mapepala ndi apolisi ndi a imigireshoni okha.

Ndikufuna ndinenenso china apa. Mayi wa ku Soweto amene waima pamzere kuyambira 5 koloko m'mawa n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, kudandaula kwake n'koona. Cholakwika n'kumuuza kuti wamudyera ndi Mmalawi amene ali kumbuyo kwake. Ntchito yabwino ya ndondomeko imawaika awiriwa mbali imodzi, kufunsa limodzi za anamwino, mankhwala ndi ndalama zobedwa. N'chifukwa chake magulu monga Izwi Domestic Workers Alliance ku Johannesburg, momwe eni dziko ndi obwera amakhalira pamodzi, ndimawaona kuti ndi amphamvu kuposa gulu la Amalawi okhaokha.

Nanga ana obadwira kunja ndi nzika za kuti?

Kubadwira mu South Africa sikupatsa mwana unzika wa dzikolo. Mwana wa Mmalawi ndi Mmalawi kudzera mwa kholo lake, koma zimafunika umboni, ndipo umboni woyamba ndi chiphaso chobadwira. Mayi wopanda mapepala akaopa kupita ku Home Affairs, ofesi ya boma yolembetsa ana obadwa, mwana amakula osalembedwa kulikonse, ndipo vuto limadzaonekera pa mayeso a matiriki, pofuna ntchito, kapena mayi akamwalira. Mu 2021 khoti la malamulo aakulu linachotsa chopinga chimene chinkalepheretsa bambo wosakwatira mwalamulo kulembetsa mwana m'dzina lake popanda mayi. Palinso gawo la lamulo la unzika lolola mwana wobadwira kumeneko, amene kubadwa kwake kunalembetsedwa ndipo wakhala komweko mpaka zaka 18, kupempha unzika.

Amene akuona ngati nkhaniyi ndi yaing'ono afunse abale athu a ku Zimbabwe. Zidzukulu za Amalawi amene anapita kuminda ndi kumigodi ya ku Rhodesia zinabadwira komweko, koma ziphaso zawo zinkalembedwa kuti ndi alendo, ndipo kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri opanda dziko. Malamulo aakulu a 2013 ndi amene anavomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kwa kholo la m'dziko la SADC, n'kumakhala komweko, ndi nzika. Kwathu kuno Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu Disembala 2018. Chotsala n'chakuti kulembetsa mwana wobadwira kunja kukhale kosavuta, pa ofesi ya kazembe pomwepo.

Ku Mangalande zinthu si zabwinoko?

Malipiro ndi abwinoko, koma chingwe chilipo. Wosamalira okalamba amakhala ndi chitupa chomangiriridwa pa kampani imene yamuitana. Kampaniyo ikamuchotsa kapena ikalandidwa chilolezo, amapatsidwa masiku 60 kuti apeze ina. Kuyambira pa 11 Malichi 2024 olowa kumene pa ntchitoyi saloledwa kubweretsa mwamuna kapena ana, ndipo mu Julayi 2025 boma la Britain linatseka kulemba osamalira okalamba kuchokera kunja. Zitupa zambiri zimaletsanso kulandira thandizo la boma, moti mayi womenyedwa amasowa pothawira. Bungwe la Southall Black Sisters linamenyera nkhaniyi zaka zambiri mpaka mu 2002 panakhala lamulo lolola mkazi amene anabwera pa chitupa cha ukwati kupempha kukhala payekha ukwati ukatha chifukwa cha nkhanza, ndipo mu 2012 analoledwa kulandira thandizo pamene akudikira yankho. Amene ali pa zitupa zina akadali ndi chitetezo chochepa.

Bwanji mukulowetsamo za ku Dzaleka? Si nkhani ina imeneyo?

Ndi nkhani yomweyi, tangosinthana malo. Msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene kale unali ndende ya andale, unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000. Lero muli opitirira 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo amayi ndi ana ndi ochuluka. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, ndipo posainira pangano la mayiko la 1951, Malawi inakana mbali zokhudza ufulu woyenda ndi wogwira ntchito. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anagwira othawa kwawo m'matauni, kutseka mashopu awo, n'kuwasunga ku ndende ya Maula asanawapititse kumsasa. Pakati pawo panali amayi ndi ana, ena obadwira ku Lilongwe, olankhula Chichewa ngati ife, amene anasiyira sukulu panjira.

Sindingathe kukalipira Dudula m'mawa, madzulo n'kuombera m'manja zimenezi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ife chili kale pa ife. Dziko lomweli linasunga anthu a ku Mozambique opitirira miliyoni imodzi pa nthawi ya nkhondo ya kwawo, ambiri m'midzi mwenimweni, kudya nawo mbale imodzi. Mabungwe monga Inua Advocacy akupempha kuti lamulo la 1989 lisinthidwe, kuti mayi amene wakhala kuno zaka makumi awiri athe kuchita malonda poyera ndi kulipira msonkho m'malo modikira chithandizo chimene chikucheperachepera. Pempho limenelo ndi lomwe timapereka ku Pretoria.

Mapangano a mayiko aja amathandiza kapena ndi mapepala chabe?

Pa okha ndi mapepala. M'manja mwa anthu olimbikira ndi ndodo. Pangano la ILO nambala 189 la 2011 limati ntchito yapakhomo ndi ntchito monga ina iliyonse. South Africa inalivomereza mu 2013, ndipo zinathandiza pa mlandu wa Mahlangu. Malawi ikuyenera kulivomereza, poyamba chifukwa cha atsikana antchito a ku Area 47 ndi ku Namiwawa, komanso chifukwa n'kovuta kupempha kwa ena chimene sukupereka kwanu. Palinso Maputo Protocol ya 2003 ya ufulu wa amayi mu Africa, ndi pangano la United Nations la 1990 la ogwira ntchito kunja ndi mabanja awo, lomwe mayiko ambiri olandira antchito sanalivomereze.

Amayi eni ake ali pati pa zonsezi?

Nthawi zambiri amaitanidwa kumsonkhano kudzalira, akatha kufotokoza n'kupatsidwa ya basi, akuluakulu n'kutsala akulemba mfundo. Mchitidwe umenewu umandipweteka. Mayi amene anakhala chaka m'nyumba ya ku Oman amadziwa bwino kuposa loya aliyense kuti mawu ati m'kontirakiti ndi onama, kuti foni amalandidwa pa ola liti, ndi kuti uthenga wochenjeza ungamvedwe ukanenedwa bwanji ku Ndirande. Akhale pa tebulo polemba mfundo, alipidwe ngati katswiri. Ndipo nkhani yake ndi yake: dzina ndi nkhope zisatuluke iye asanalole momvetsa zotsatira zake, chifukwa atolankhani akapita, iye amatsala ndi apongozi, anansi ndi ejenti uja.

Ine sindine loya kapena phungu. Ndingachitepo chiyani?

Ngati m'bale wanu akukonzekera ulendo, jambulani pasipoti yake, chitupa, tikiti ndi kontirakiti, musunge kunyumba. Lembani dzina la ejenti, nambala yake, ndi umboni wa ndalama iliyonse imene walandira, ngakhale uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money. Funsani ku ofesi ya ntchito ya m'boma lanu ngati ejentiyo akudziwika. Onetsetsani kuti dziko lolembedwa pa chitupa ndi lomwe analonjezedwa, ndipo ngati akuuzidwa kuti pabwalo la ndege akanene kuti akukangocheza, asakwere. Mugwirizane tsiku loyimbirana ndi mawu achinsinsi osonyeza kuti zinthu zavuta.

Zikavuta, kanenereni kupolisi, ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena, ku Malawi Human Rights Commission kapena ku mabungwe a mu Malawi Network Against Trafficking, ndipo dandaulo lanu likhale lolembedwa, losonyeza tsiku, inu n'kusunga kope. Ali ku Joni azilemba m'kabuku masiku ndi maola amene wagwira ndi ndalama imene walandira, chifukwa ku CCMA dandaulo la kuchotsedwa ntchito limayenera kufika pasanathe masiku 30. Ngati muli m'gulu la maliro, banki m'khonde, mvano kapena gulu la amayi a kumzikiti, werengani mabanja a m'dera lanu amene ali ndi nkhani zoterezi, mulembe kalata imodzi yosainidwa ndi onse, muipereke kwa phungu wanu ndi kwa wapampando wa komiti yoona za ntchito kapena za amayi, ndipo pakatha mwezi mupitenso kukafunsa kuti kalatayo ili pati.